Kaloko ka Pakona pa Kompyuta

Zaka zimene migodi inkagulitsidwa ndinadana ndi maloko. Ukapita ku Ndola, ku Heavy Industrial Area, fakitale iliyonse yakufa inali ndi loko pageti ndi udzu wofika m'chiuno. Loko ankatanthauza kuti bwerera kwanu.

Ntchito yanga ya ukalaliki pamgodi itatha, mnzanga wa ku Kamitondo anandipatsa kapepala ka maadiresi awiri a pa intaneti, akuti eni atsopano akulembera anthu pamenepo. Sindinamukhulupirire kwenikweni, komabe ndinapita kukafe ya intaneti m'tauni mwa Kitwe. Ndinatengana ndi mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, sekilitale wodziwa kompyuta. Ine kompyuta ndinkaidziwira m'magazini akale okulungira nsomba, choncho ndinkadziyesa katswiri.

Tsamba loyamba litatseguka, pakona panaoneka kaloko kachikasu.

"Awa atseka kale," ndinatero, n'kuchokapo.

Lachiwiri linalibe loko. Linkafuna dzina, nambala ya reji, nambala ya pamgodi, ngakhale dzina la amayi anga. Ndinayamba kulemba ndi chala chimodzi. Reji imeneyo, chitupa changa cha unzika, ndiyo inali chuma changa chotsala, ndipo mphekesera zinali ponseponse zakuti ena akulowa ntchito ndi mapepala a anzawo.

Mlamu anandigwira dzanja. "Alamu, mwathawa khomo lokiya, mukukavulira pamsika?"

"Loko ndi loko, alamu. Mwaiwala ku Ndola?"

"Uyu satsekera inu kunja. Amamata zimene mwalemba ngati envulopu, kuti apanjira asawerenge. Mukadina kaloko kaja mumaona chiphaso chosonyeza mwini tsamba. Apa palibe chiphaso, ndiye mukupereka reji kwa ndani?"

"Nanga chiphasocho anasaina ndani?"

"Ayi, kukayikira mumatha, kungoti mumakayikira kolakwika." Anaseka, kenako anawonjeza kuti ngakhale wakuba angagule loko, ndiziwerenganso dzina.

Ndinafufuta manambala anga limodzilimodzi, ndikuyang'ana bambo wa mpando woyandikana amene khosi lake linkatalika. Tinabwerera kutsamba loyamba. Ndinadina kaloko kaja, ndinawerenga chiphaso chonse ndi milomo mpaka nthawi imene tinagula inatsala pang'ono kutha. Dzina linali la kampani ya eni atsopano aja, ndiye ndinalemba zanga n'kutumiza.

Ntchitoyo sanandiitane. Koma reji idakali yanga ndekha, ndipo mlamu akandipeza ndikukiya geti amafunsabe ngati fakitale yatsekedwa.