Waya wa a Chimkwita

Ndine amene ndinadula waya wa wailesi ya a Chimkwita, oyandikana nawo nyumba. Anamumangirira kuchokera pamtengo wa mango kukafika padenga la chigafa cha fodya, ndipo chaka chomwecho foni yanga inayamba kudukizadukiza. Ndikakambirana za fodya ndi wogula wa ku Nsaru, mawa lake a Chimkwita amakhala akuzidziwa. Ndinati wayayu akukoka mawu anga. Tsiku lina masana, mudzi wonse uli kumaliro, ndinapita ndi chikwanje.

Patapita miyezi, mwana wanga Esinati, amene amakonza makina a pansanja za mafoni, anabwera kudzationa. Ndinamufunsa mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina.

"Ababa, mafunde a foni ali ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi," anatero. "Kugunda kwake sikusintha. Uthenga umabisika pomwe munsi umodzi wafulumira kapena wachedwa pang'ono. Foni ya amene mukumuimbirayo imawerenga kuchedwako n'kubweza mawu. Waya ndi wailesi wamba sizingamve zimenezo."

"Nanga munthu angadziwe bwanji za mnzake?"

"Inu mukamaimba foni mumakuwa, ndi akudimba omwe amamva. Kodi mwachita chiyani?"

"Ndangofunsa," ndinatero.

Sukulu ndinayamba ya kwacha, ndili ndi ndevu kale, ndiye za minsi yosaonekayo sindizikhulupirira kwenikweni. Koma mpaka lero a Chimkwita sayankhulana ndi mkamwini wawo, amene amamuganizira kuti ndiye anadula waya uja. Madzulo alionse amabwera kudzamvera nkhani pawailesi yanga. Ndimawapatsa mpando wotsamira, ine n'kukhala pachitsa, foni nditaizimitsa.