Bonongwe wa kuseri kwa mpanda

Ndimawaonabe mayi anga atagwada kumbuyo kwa nyumba yathu ku South Bend, yunifolomu ya kuchipatala ikadali m'thupi, akufukula dothi lakuda limene linali litangomasuka sinowo atasungunuka. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Dimba lathu linali la mizere inayi yokha: mpiru, therere, tomato ndi maungu, amene tinkawalimira nkhwani. Ntchito yanga inali kuthirira ndikaweruka kusukulu, ndipo fungo la masamba a tomato linkanditsalira m'zala mpaka pa chakudya chamadzulo. Ndikafukula mbewu kuti ndione ngati yamera, mayi ankandimenya kadzanja n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chimenecho mayi anali oyembekezera, ndipo chakudya sichinkakhazikika m'mimba mwawo. Anaonda mpaka bambo anayamba kuda nkhawa. Chimene mtima wawo unkafuna chinali chimodzi, bonongwe wotendera, koma njere zimene anapatsidwa ndi mnzawo wa kutchalitchi sizinamere ngakhale imodzi. Bambo anazungulira masitolo n'kubwera ndi sipinachi. Mayi analawa kamodzi n'kukankhira mbale kumbali.

Loweruka lina ndikuthirira, mayi anaima pampanda n'kundikodola. Kuseri kwake a Harold, bambo wachikulire wachizungu amene ankakhala yekha chimwalirire akazi awo, ankazula zomera pakati pa nyemba zawo n'kumaziponya muwilibala. Unali bonongwe, wanthete, wobiriwira bwino.

"Mwanawe, pita ukawapemphe. Iwe Chingerezi chako amachimva msanga," anatero mayi.

Manyazi anandigwira. Ndinaganiza za anzanga a kusukulu akadzamva kuti kwathu timadya zimene ena amataya. Koma nditayang'ana mmene diresi linkawakhuthukira mayi m'mapewa, ndinatsegula kageti n'kupita. A Harold anandimvetsera atagwira chipewa m'manja, kenako anafunsa kawiri ngati ndikunenadi udzu umenewo. Anati akhala akulimbana nawo zaka zambiri osadziwa kuti ndi ndiwo. Anakankha wilibala yonse mpaka pakhomo pathu.

Masana amenewo nyumba inadzaza fungo la nsinjiro. Mayi anadya mbale yonse, n'kuwonjezera, ndipo bambo anatuluka panja kukaseka okha ndi chimwemwe. Kambale kena mayi anandituma nako kwa a Harold, amene anakabweza kali kotsukatsuka. Kuyambira pamenepo anasiya ngodya imodzi ya dimba lawo osapalira, ndipo ine ndinkakathyola masamba kawiri pa mlungu. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kutsina nsonga za tomato ndi kusunga njere mu envelopu, mayi n'kumandiphunzitsa kusadzula nkhwani. Mchimwene wanga anabadwa masamba a mitengo atayamba kufiira, wonenepa bwino.

Patapita zaka ziwiri tinasamukira ku Indianapolis, bambo atapeza ntchito. Potsanzikana, a Harold anandipatsa envelopu ya njere zakuda zing'onozing'ono, atalembapo dzina la bonongwe molakwitsa zilembo. Sitinaonanenso.

Lero ndili ndi kadimba kanga ku Beech Grove, ndipo mawindo anga adzaza miphika ya maluwa. Anzanga amandiseka kuti dimba langa silioneka lopalira. Zoona, ndimachedwa kupalira, chifukwa chomera chachilendo chikatuluka pakati pa mizere, sindichizula ndisanafunse munthu wina dzina lake.