Maliro Atadutsa pa Holo ya ku Ulongwe

Pa tchesi, amene nthawi yamuthera pa wotchi wagonja, ngakhale atatsala pang'ono kugwira mfumu ya mnzake. Mayi Milanzi, mkulu wa oyimbira, anandiuza zimenezi tsiku lomwe anandilemba ntchito. Ankafuna munthu wodziwa kutchera wotchi, ndipo ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndili lova ku Balaka.

"Wotchi sayimitsa chifukwa cha chisoni," anatero.

Tsiku lovuta linandipeza ku Ulongwe, mu holo yoyandikana ndi msewu. Atsikana a ku Ntaja ankasewera ndi a ku Balaka. Timu yopambana imapita ku Lilongwe, komwe amasankha osewera okaimira dziko kunja. Mabolodi ena onse anali atatha, matimu akufanana mphamvu. Panatsala Asiyatu wa ku Ntaja ndi Tadala wa ku Balaka. Asiyatu anali patsogolo, atadya hatchi ya Tadala pa bolodi, koma nthawi yake inali itatsala pang'ono kutha.

Kenaka tinamva nyimbo. Mumsewu munkadutsa maliro. Akabaza anatsika panjinga, ogulitsa chimanga anakhala chete. Asiyatu anaimirira n'kuweramitsa mutu monga amachitira aliyense kwathu kuno, wotchi yake ikuyendabe.

Ndinadina batani lapakati. Wotchi inaima.

A Phiri, mphunzitsi wa timu ya Balaka, anafika pomwepo. "Achimwene, malirowo alowa muno? Mwanayu akuganiza ulere, maso ali pa bolodi!"

Sankanama.

Mayi Milanzi anabwera osathamanga. Anayang'ana wotchi, anayang'ana panja. "Atsikana, nonse awiri imirirani, mufulatire bolodi. Inunso a Phiri, vulani chipewacho."

Anavula. Tinaima choncho mpaka nyimbo inazilala kumanda. Ndinadinanso batani. Asiyatu anasewera mothamanga, dzanja likuwombana ndi wotchi, mpaka Tadala anagoneka mfumu yake povomereza kugonja. A Phiri anachoka osatsazika.

"Lero wapulumuka," anandiuza Mayi Milanzi. "Koma lamulo salipanga masewero ali mkati."

Kuyambira pamenepo, masewero asanayambe ndimafunsa mlonda ngati m'mudzimo muli zovuta, n'kulengeza kuti maliro akadutsa mawotchi onse aima, osewera afulatira mabolodi. Loweruka likubwerali matimu omwewa akumananso ku Ntaja, ndipo holo yake ili panjira ya kumanda.