Anandisankhira Galu Ndili ku Maliro

Galu wanga ndinamutola m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, mwendo wakutsogolo utakodwa mu msampha wa waya wotchera agwape. Anali wamkazi, wofiirira, nthiti zonse zili pamtunda. Ndinamasula wayawo iye akungondiyang'ana osaluma, ndipo ndinamukulunga m'chitenje mpaka kunyumba. Bala linapola koma anatsala wotsimphina. Inenso bondo langa linali litayamba kale kuvuta, choncho tinkayenda mofanana.

Tinakhala awiriwiri zaka zinayi. Amuna anga anali atamwalira, ana onse ali kutauni. Munda wanga uli pamtsetse, ndipo chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsika m'phiri ngati achita kuitanidwa. Galuyo sankawalondola kutali. Ankangoima pachulu n'kumauwa mpaka abwerere kwawo. Ankadya madeya ndi zotsala zanga, ndipo nkhuku ya mnansi sanagwirepo ngakhale imodzi.

Mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, sankamufuna. Akabwera ankamupirikitsa pakhonde n'kumati kagalu kotere sikangaopseze wakuba.

Chaka china, chimanga chili pafupi kuuma, azakhali anga anamwalira ku Mvera. Ndinakakhalako masiku atatu, galu nditamusiyira mayi wina woyandikana nane. Pobwerera, ndinadabwa kuti sanandichingamire panjira monga ankachitira. Pabwalo ndinapeza galimoto ya mwana wanga, ndipo pamtengo wa mango panali chigalu chakuda, chaubweya wambiri, chachikulu ngati thole, chili pa tcheni.

"Galu wanga ali kuti?" ndinafunsa ndisanatule n'katundu yemwe.

"Amayi, galu ndi ameneyu," iye anatero akumwetulira. "Uyu ndi wa mtundu wabwino, wolondera. Uja ankatichititsa manyazi."

"Ndafunsa kuti ali kuti."

"Ndamupereka kwa dalaivala wa lole ya fodya. Amakhala ku Mponela, amusamala."

"Unandifunsa?"

"Ndimafuna mungoona zachitika. Mumakhala nokha, amayi. Ife tikamva za akuba sitigona."

Ndinatula katundu n'kukhala pansi. Mwana amene ndinamubereka kumsana kukwera naye zitunda zonsezi, analowa pakhomo panga ine ndili kokaika m'bale wanga, n'kutenga chamoyo chimene ndinkadya nacho, n'kuchiponya pa lole ngati belo la fodya. Mayi woyandikana nane uja anandiuza pambuyo pake kuti anayesa kuletsa, koma anauzidwa kuti za pabanja la eni zisamukhudze.

Mawa lake mwanayo anabwerera kutauni, atandisiyira thumba la chakudya cha agalu cha m'sitolo ndi malangizo ambirimbiri. Ndizimupesa ubweya. Ndizimuyendetsa kawiri patsiku. Ndisamumasule pali ana. Ine amene ndimayenda ndi ndodo.

Ndinayesa ndithu, pakuti galuyo analibe mlandu. Tsiku loyamba kupita naye kumunda anaona mbuzi, n'kundikoka ndi tcheni mpaka ndinagwa chafufumimba pamiyala. Bondo linatupa sabata yathunthu. Thumba lija litatha, madeya anawanunkhiza n'kuwasiya. Dzuwa likakwera ankangogona, lilime panja, kupuma wefuwefu, nkhupakupa zitadzaza m'makutu. Ana a m'mudzi anasiya kudutsa pakhomo panga, ngakhale amayi a kumphakati wa tchalitchi chathu ankaima kumsewu n'kumandiitana chapatali. Nthawi yonseyi anyani ankakolola mizere yakumtunda popanda wowaletsa.

Patatha masabata atatu, bondo litaphweratu, ndinakwera minibasi kupita ku Mponela. Ndinafunsa pamalo poima malole mpaka ndinamupeza dalaivalayo akudya chipisi pamsika. Anachita manyazi nditamuuza kuti ndine ndani.

"Pepani amayi," anatero. "Tisanafike patali anadula chingwe n'kudumpha. Ndinaima, koma anali atalowa kale m'tchire."

"Mwana wanga munamuuza?"

"Ndinawaimbira tsiku lomwelo."

Ndiye kuti mwana wanga ankadziwa. Masabata atatu ankandiimbira foni kufunsa ngati chigalu chake chikudya bwino, akudziwa kuti wanga ali m'tchire ndi mwendo wolumala, ndipo sananene kanthu.

Pobwerera ndinatsika minibasi pamalo amene dalaivalayo anandilongosolera, n'kuyenda midzi inayi ndikufunsa. Ena anati anamuona kudambo, ena anati galu wotsimphina anagundidwa pamsewu, koma sankakumbuka mtundu wake. Sindinamupeze.

Nditafika kunyumba ndinamuimbira foni mwana wanga.

"Ubwere udzatenge galu wako Loweruka. Ukapanda kubwera ndikamusiya kwa alangizi a ziweto, aone okha chochita naye."

"Amayi, ndinkangofuna kukuthandizani."

"Ukanafuna kundithandiza ukanayamba wandifunsa mmene ndimakhalira. Iwe unagula galu woyenera mpanda wako wa njerwa, n'kudzamumangirira pa nkhalamba."

Anabwera Lowerukalo, nkhope ili gwa, ngati wolakwiridwa ndi iye. Chigalucho chinalowa chokha m'galimoto n'kugona pampando wakumbuyo. Ndimamva kuti kumeneko chinanenepa ndipo ana ake amachikonda. Zimenezo sizindiwawa.

Koma mwana wangayo pepani sananene mpaka lero. Alongo ake amandiuza kuti ndiiwale, poti anali galu chabe. Ndimawayankha kuti amene akuti chabe abwere adzakhale pachulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuimba chitini kuti anyani asatsike. Ndi zimene ndimachita masiku ano chimanga chikakhwima. Mwezi wathawu mwanayo anatumiza uthenga kuti wapeza kagalu kena kakang'ono, koyenera munthu wachikulire. Ndinamuyankha kuti ndikadzafuna galu ndidzasankha ndekha.