Majuzi a Timu ndi Manja a Elspeth

Inali hafu pasiti faifi m'mawa wa Lolemba, ine nditagwada pa masitepe a nyumba yathu yosanja ndikukwecha ndi burashi, popeza mwezi umenewo ntchito yokwecha inali yanga. Nditapita kuseri kukataya madzi, ndinaona utsi ukufuka pa nyumba yochapira. Sindinadabwe. Mabanja asanu ndi limodzi timachapira momwemo, banja lililonse tsiku lake, ndipo Lolemba linali la Elspeth Rennie. Chimene chinandiimitsa ndi chifuwa. Amene ankatsokomola m'katimo anali mwamuna.

Ndinakankha chitseko. A Lachlan Rennie, amuna ake a Elspeth, anali atapinda malaya mpaka m'zigongono, akutakasa chimphika cha madzi owira ndi mtengo. M'madzimo munkavina majuzi a timu ya mpira.

"Bambo Rennie, mukuphikira ndani?"

"Ndikuchapa, Mayi Kinnear."

"Ubweya wa nkhosa m'madzi owira? Chokani apo, mwapha zovala za eni!"

Ndinawalanda mtengowo n'kuvuula majuzi atatu. Mwayi wake, asanu ndi atatu otsalawo anali adakali mulu pansi ndi matope awo.

A Rennie ndinawadziwa ali mnyamata. Anabadwira mumsewu wathu womwewu, ndipo monga anyamata onse a kuno, atangosiya sukulu anakalowa ntchito kokhoma sitima za pamadzi. Ntchito yawo inali kuwotcha misomali pamoto n'kuiponyera okhoma. Loweruka masana ankasewera mpira pabwalo la kuseri kwa fakitale ya utoto. Anali wamfupi, wosathamanga kwenikweni, koma mpira ukafika paphazi pawo sunkachedwa. Ankaupereka kwa mnzawo, n'kusuntha, n'kuulandiranso. Iwo amati mpira satopa, amene amatopa ndi munthu.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, kunabwera munthu wa chipewa chachitali kuchokera ku Lancashire, ku Mangalande. Masiku amenewo kulipira munthu chifukwa chosewera mpira kunali koletsedwa, ndiye anawalemba ngati wokonza makina m'fakitale ya thonje. Mpaka lero amaseka akamanena kuti makinawo anawaona kawiri, ndipo kachiwiriko anali atasochera. Elspeth anawatsatira atangokwatirana. Anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zinayi, m'kachipinda kamene Elspeth ankadyetseramo osewera ena awiri ochokera kuno, mbeta zimene zinkadandaula kuti Angelezi sadziwa kuphika phala.

Kuno atalola kuti osewera azilipidwa poyera, anabwerera kwawo. Anasewerera timu ya m'tauni mwathu zaka zinayi, mpaka bondo lakumanzere linakana. Sanadandaule nthawi yaitali. Akomiti anawapatsa ntchito yosamalira osewera: kunyamula ndowa ndi siponji, kuwatikita miyendo, kupaka mipira mafuta, kujambula mizere ya bwalo ndi laimu. Ntchitoyo amaikonda koposa. Loweruka m'mawa amatsika masitepe akuimba mluzu, akutsimphina, thumba lili paphewa.

Madzulo ake thumba lomwelo limabwera lodzaza. Majuzi khumi ndi limodzi, akabudula ochuluka chomwecho, ndi masokosi olemera ndi matope. Palibe pamene panalembedwa kuti wochapa ndi ndani. Akomiti ankangodziwa kuti wosamalira osewera amakhala ndi mkazi. Zaka khumi Elspeth anachapa zimenezi, kuwonjezera pa za m'nyumba mwake. Chithunzi cha timu chitatuluka m'nyuzi, amuna onse ali mbee, anachidula n'kuchikhoma pakhoma, ndipo ndikamuyendera ankandisonyeza kolala imene inamuvuta kwambiri.

M'chisanu cha chaka chino nyamakazi inamugwira manja. Zala zinatupa mpaka kulephera kumanga mabatani. Ndinkadziwa, koma sindinaganize kuti zafika pamenepa.

"Dzulo walephera kunyamula kapu ya tiyi," anatero a Rennie, akuyang'ana majuzi atatu aja, amene tsopano akanakwana ana a sukulu. "Akomiti akamva kuti kwathu kulibe wochapa, ntchito ipita kwa Gourlay, mnzanga wa ku timu uja. Wakhala akuilakalaka. Ndipo mkazi wake mwamuona mikono, ngati wosula zitsulo."

"Ndiye munaganiza kuti kuchapa n'kuponya m'madzi basi?"

"Ndimamuona akuwiritsa."

"Amawiritsa nsalu za pabedi, bambo inu. Zaka khumi, maso munali nawo kuti?"

"Pabwalo," anayankha motsitsa mawu.

Masitepe anga ndinawasiya osamaliza. Ndinawauza kuti ayambe aviika majuziwo m'madzi ozizira kuti matope asungunuke, kenako m'madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chisamve kutentha. Sopo azimusungunula kaye, asamamutikite pa ubweya. Asamapotokole, azifinya ngati akutikita mwendo wa munthu wovulala. Pamenepo anamva msanga. Manja awo ndi ofatsa, anazolowera minofu ya anthu. Ine sindinagwire juzi n'limodzi lomwe. Ndinangoima pakhomo n'kumalankhula.

Pofika naini koloko anawongoka akugwira m'chiuno.

"Ndasewerapo ndi zimphona za ku Lancashire m'chipale chofewa, koma msana sunandipweteke chonchi. Elspeth ankachita izi Lolemba lililonse?"

"Akatero n'kukuphikirani nkhomaliro."

Ananyamula dengu kupita kukayanika.

Ndi pamene mazenera anatseguka. Mayi Tosh a m'chipinda chapamwamba anasuzumira, manja ali pachibwano.

"Taonani, amayi! Katswiri wa mpira wakwatiwa! Ndikubwerekeni epuloni, a Lachie?"

"Yanuyo ingandizungulire kawiri, mayi," anayankha a Rennie, chopanira zovala chili pakamwa. Amayi onse a m'mazenera anafa ndi phwete, Mayi Tosh omwe.

Loweruka majuzi ofota aja anawaveka osewera ang'onoang'ono atatu, komabe mmodzi anasewera mchombo uli pamtunda, anthu akumukuwiza masewero onse. Timu inapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Wapampando wa komiti anawaitana a Rennie pambali. Iwo anayamba kufotokoza za manja a Elspeth, koma wapampandoyo anawadula.

"Za kunyumba kwanu n'zanu, Rennie. Ife tikufuna zovala zoyera, zokwana anthu, Loweruka lililonse. Zikachitikanso izi, tikambirana zina."

A Rennie anabwera akuimba mluzu. Kwa iwo nkhani inali itatha: achapa okha. Koma kuseri kwathu inali isanathe. Mayi Tosh, ataseka n'kumaliza, anayamba kuzungulira m'makomo kunena kuti nyumba yochapira ndi ya amayi. Mmenemo timakwinya madiresi mpaka m'mawondo, timakambirana zathu, wina akamaliza msanga mnzake amalowa kudzatsukuluza matewera m'madzi otsala. Mwamuna akakhalamo, ndani alowe? Ngati Elspeth sangachape, Lolemba ligawidwe kwa mabanja a ana ambiri. Sindinganene kuti ankanama. Ndipo a Rennie popanda chimphika, mabeseni ndi zingwe za kuseri, thumba lija sangalithe m'kachipinda kawo.

Kiyi wa nyumba yochapira amakhala kwa ine, chifukwa ndine ndakhalitsa pano. Amayi akasemphana, amamvera amene ndamupatsa kiyi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinamva kugogoda. Anali a Rennie, atavala jekete lawo labwino, chipewa chili m'manja. Ndinawalowetsa, ndinawathirira tiyi. Anamwa theka, akuyang'ana pansi pamene ndinakolopa.

"Elspeth akuti ndisakuvutitseni," anayamba. "Koma usiku wathawu wagona tulo koyamba chiyambire chisanu, osaganiza za thumba lija. Ndimadziwa zimene Mayi Tosh akunena, ndipo sindikuwatsutsa. Ndizilowa faifi koloko, pofika eyiti ndatuluka, pansi nditakolopa, moto nditausiya woyaka kuti amene akufuna madzi otentha awapeze. Malasha ndiziwanyamulira aliyense, tsiku lake likafika. Mayi Kinnear, chonde, mawa kiyiyo mundipatse ine. Ndipo ngati masitepe angakudikireni pang'ono, mudzaimenso pakhomo paja. Masokosi sindinawadziwebe."