Mankhwala a Mutu Amene Ndinapita Nawo ku Ukwati

Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili ku sekondale. Unkayamba ndi tinyenyezi m'diso lamanzere, kenaka theka la mutu linkagunda mpaka ndisanze. Pa tchuthi china, namwino wachizungu wa pa chipatala cha mishoni kwathu kumapiri, kufupi ndi msewu wa ku Chiponde, ananditengera kuseri kwa nyumba yake n'kundionetsa kachitsamba ka maluwa oyera okhala ndi kadontho kachikasu pakati. Ankakatchula kuti fivafyu, ndipo mbewu yake anachita kubwera nayo kuchokera kwawo.

Malangizo ake anali ochepa, ndipo anandiuza kuti ndiwabwereze pamaso pake. Masamba awiri aang'ono pa tsiku, osapitirira atatu. Kuwakulunga mu nthochi kapena mu buledi, chifukwa kuwatafuna okhaokha kumatulutsa zilonda m'kamwa. Kuwadya tsiku lililonse kuti mutu usabwere, popeza ukayamba kale sathandiza kwenikweni. Osawasiya mwadzidzidzi. Langizo lomaliza analinena atandigwira pamkono: mayi woyembekezera asalawe n'komwe, chifukwa tsambalo limagwedeza chiberekero.

Nditakwatiwa, ndinatsikira kwa Mponda, kwawo kwa amuna anga amene anali kalaliki pa boma la Mangochi. Kachitsamba kaja ndinapita nako m'chitini. Kutentha kwa kumeneko sikankakukonda, choncho ndinkakasunga pamthunzi wa pakhonde n'kumakathirira m'mawa ndi madzulo. Apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo inali pabwalo lomwelo, ankandiyang'ana ndikuthyola timasamba tanga tiwiri.

"Masamba awiri?" anatero tsiku lina. "Ngakhale mwana wa mbuzi angakusekeni, a sekondale."

Ndilo dzina limene ankandiitanira akafuna kundichepetsa. Iwo mankhwala ankawadziwa, ndipo sindingawanamizire kuti anali mbuli. Makungwa ndi mizu ya m'tchire la kumeneko ankaidziwa bwino, ndipo ana ambiri a pamudzipo anachira m'manja mwawo. Koma muyezo wawo unali umodzi pa chilichonse: kudzaza dzanja, kuwiritsa mumphika mpaka madzi ade, n'kumwa kapu yodzaza. Kwa iwo, kuwawa kwa mankhwala ndiko kunali umboni wa mphamvu yake.

Pabwalopo pankakhalanso mlamu wanga, mlongo wotsiriza wa amuna anga, amene anali atangokwatiwa kumene ndi msodzi wina. Mwamunayo ankakhalitsa ku madoko a kutali. Mtsikanayo anali wofatsa, ndipo ine ndi iye tinkagwirizana. Chilimwe cha chaka chimenecho ndinaona kuti wasintha. Fungo la usipa wokazinga linkamuthamangitsira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamupeza kangapo akudya dothi la pachulu. Ndinadziwa. Apongozi nawonso ankadziwa. Mayi wobereka ana ambiri chotero sakanalephera kuona. Koma mwambo wa kumeneko unali wakuti mimba yoyamba siitchulidwa ndi munthu aliyense, ngakhale mwini wake, kufikira amayi aakulu atasonkhana pa litiwo, mwambo umene amamulangizira mtsikana ndi kumuuza poyera kuti ali ndi pakati. Ankakhulupirira kuti kuitchula nthawi isanakwane ndiko kuitsegulira khomo kuti ichoke. Ngakhale ife a tchalitchi tinkausunga mwambowo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko abwera m'boma lathu, ndipo amayi tonse tinalamulidwa kukayeserera magule pabwalo la mpira masana aliwonse. Dzuwa la Okutobala ku Mangochi limapsereza ndi mapazi omwe. Mlamu wanga anayamba kubwerako atagwira mutu, maso atafiira. Tsiku lina analimba mtima n'kupempha atcheya a amayi a chipani kuti apume.

"Mutu?" anatero atcheyawo, amayi onse akumva. "Mutu tonse tili nawo. Pano tikufuna chiuno. Lowa mumzere."

Oyembekezera ankaloledwa kukhala pamthunzi wa mtengo n'kumangoomba m'manja. Mawu amodzi okha akanamukhazika pamenepo, koma mawuwo ndiwo anali oletsedwa. Kujomba nakonso kunali kosatheka. Banja limene mkazi wake sankaoneka ku magule linkafunsidwa mafunso, ndipo amuna anga anali pa ntchito ya boma.

M'mawa wina ndinapeza kachitsamba kanga katakhala timitengo tokhatokha. Fungo lake linkachokera kukhitchini kwa apongozi. Ndinawapeza akutsanulira madzi obiriwira mu kapu, mlamu wanga atakhala pamphasa pambali pawo. Ndinagwada pakhomo monga mwa ulemu, maso pansi.

"Amayi," ndinatero, "mankhwalawa sawiritsa chotero. Achuluka kwambiri."

"Inu amakuchizani, mwana wanga angamuphe?"

"Alipo anthu ena amene sayenera kumwa."

"Anthu ake ati?"

"Amene ali mu nyengo ina yake, amayi."

Anaika mphika pansi n'kundiyang'anitsitsa. Anali atamva bwino lomwe chimene ndinkatanthauza. "Nyengo yake iti, a sekondale? Ya mvula kapena ya dzuwa?"

Kapu inali kale m'manja mwa mtsikana. Ndinalingalira zoigwetsa ngati mwangozi, koma mumphika munali ena ambiri. Ndinalingalira zodikira amuna anga, koma nkhani zotere mwamuna salowererapo. Ndiye ndinanena.

"Alamu ali ndi pakati. Tsamba limeneli limachotsa mimba."

Mlamu wanga anaphimba nkhope ndi chitenje. Apongozi analavulira malovu pambali. Kenaka analankhula motsitsa, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira onse.

"Mwaitchula ndinu. Ine sindinamve kanthu. Mwana wanga akudwala mutu, ndipo akumwa mankhwala a mutu. Imwa."

Anamwa. Sindimuimba mlandu. Kukana kapuyo kukanakhala kuvomereza pamaso pa mayi ake kuti zimene ndanena n'zoona, ndipo akanakhala ataitchula yekha. Apongozi nawonso, kutaya mankhwalawo kukanakhala kuvomereza zomwezo. Onse awiri ankaganiza kuti akuteteza mwanayo pochita ngati kulibe.

Tsiku lomwelo ndinazula kachitsambako n'kukataya mu Shire. Sizinathandize. Masamba ena anali atayanikidwa kale m'nyumba mwa apongozi, mmene ine sindinkaloledwa kulowa, ndipo kapu inkadzaza m'mawa uliwonse. Ndinakumana ndi mlamu wanga padooko tikuchapa n'kumuchonderera kuti azingothira pansi mayi ake akatembenuka. Milomo yake inali itayamba zilonda. Anandiyankha osandiyang'ana: "Alamu, chonde, musanenenso. Mwanena kale zokwanira."

Zinachitikira pabwalo la magule, ng'oma zili mkati. Mlamu wanga anakhala pansi pakati pa mzere, ndipo amayi amene anali pafupi ataona magazi pa nsalu yake anamuzungulira n'kumutchinga ndi zitenje zawo. Atcheya anathamanga kukaimitsa galimoto pamsewu, akubwerezabwereza kuti bwanji sanauzidwe. Pofika kuchipatala anali atapita padera.

Ndakhala zaka zambiri ndikulingalira nkhaniyi, ndipo sindingalumbire kuti linali tsamba lokha. Kunali dzuwa, kunali kudumpha masana onse, mwinanso malungo amene sankasowa kumeneko. Anamwino anafunsa ngati anamwa mankhwala aliwonse, apongozi n'kuyankha kuti ayi. Ndinali pomwepo. Anamwinowo sanandifunse ine, ndipo mkamwini kapena mtengwa satsutsa apongozi ake pamaso pa alendo.

Koma pamudzi chifukwa chinapezeka msanga. Akuluakulu a banja atasonkhana, palibe amene anatchula kapu, dzuwa kapena magule. Za magule sakanazitchula n'komwe, popeza masiku amenewo munthu sankadziwa kuti mawu ake akafika kuti. Nkhani inali ya pakamwa panga. Mkazi wobwera, wodzimva sukulu, anatchula mimba ya mwini litiwo lisanachitike, ndipo mimbayo inamva n'kuchoka. Ndinapempha mwayi wofotokoza za muyezo wa mankhwalawo. Amalume a amuna anga anati sanabwere kudzaphunzira.

Amuna anga anandikhulupirira, koma m'nyumba mokha. "Ndikudziwa," anatero, "koma ndi mayi anga. Ukufuna ndiwauze kuti apha mdzukulu wawo?" Anagula nkhuku yoyera n'kundipatsa.

Ndinapita nayo m'mawa, banja lonse litakhala pabwalo. Ndinayenda ndi maondo kuchokera pakhomo la mpanda mpaka pamapazi a apongozi, ndipo ndinanena mawu amene anandiuza kuti ndinene: kuti ndinalankhula mopanda mwambo, kuti tsoka linalowera pa lilime langa, kuti ndikupempha chikhululukiro. Apongozi analandira nkhukuyo n'kunena kuti nkhani yatha. Mlamu wanga anali atatsamira khoma, wowonda, akuyang'ana zala zake. Ndinayembekeza kuti akweza maso, koma sanatero.

Patapita zaka mlamu wanga anabereka ana, ndipo anawo anakula bwino. Pa mimba zake zonse, iye akamadutsa ndi mtsuko, amayi a pamudzipo ankandiitanira kumbali kapena kundituma kutali, kuti ndisamuone n'kulankhula.