Njere teni za Amalume

Amalume, lero pofufuza khadi la ku kiliniki la mwana wanga Tiza, ndapeza pepala la masewera anu aja, amene munkati munapanga ndi aphunzitsi ena ufulu utangobwera. Aliyense munkamupatsa njere za thonje teni kuti agawire munthu wake wa m'masewerawo: zina pa mphamvu, zina pa liwiro, nzeru kapena kupempha. Ine zonse ndinaunjika pa mphamvu. Munaseka n'kuti, "Iwe Yobe, chimunthu chakochi chikapeza Lupande atadzaza, chidzaumenya chibakera mtsinjewo?" Titaponya dayisi, munthu wanga analephera kupempha bwato, n'kumira. Ndinakwiya, ndinati kupempha si luso.

Tiza watentha thupi masiku atatu, lero wakana ndi bere lomwe. Njinga yanga inathyoka foloko, ndipo wapansi sitingakafike kuchipatala dzuwa lilipo. Mphamvu ndili nazo, Amalume, koma sizikumuziziritsa mwanayu. Mukanakhala moyo bwenzi mutagogoda kale makomo asanu, koma ine pakamwa pakundilemera. Abale a ku Msoro amene mukuwerenga uthengawu pa foni, amene ali ndi njinga yamoto abwere, chonde. Ndine Yobe, ndikupempha.